Chaka Chimene Ndinakhala Mkono wa Abambo

Ndikukumbukira fungo la chitini chija kuposa nkhope za anzanga ena a ku pulayimale. Chinali chitini cha mabisiketi, chozungulira, chithunzi chake chitafufutika kalekale, ndipo chinkakhala pamwamba pa khoma m'chipinda cha abambo, pomwe makoswe okha ndi amene ankafikapo popanda kupempha. Ukachitsekula munkatuluka fungo la mafuta ndi la nthenga zakale. M'katimo munali zingwe zitatu zokulungidwa bwinobwino, kagudumu kachitsulo kokulungira chingwe, ndi timbedza ting'onoting'ono tovekedwa nthenga. Pambali pake pankakhala thumba lalitali la nsalu, momwe munkagona ndodo yowedzera ya zidutswa zitatu zolumikiza. Ine dzina langa ndine Felesita, ndipo chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mzime wa m'nyumbamo, azichimwene anga atapita kale kukagwira ntchito ku maesiteti a fodya.

Kwathu kunali cha ku Nkaya, pakati pa siteshoni ya sitima ndi mtsinje wa Rivirivi. Anali masiku aja njanji ya ku Nayuchi ikadali yachilendo, ana tikuthamangira sitima iliyonse ngati sitinaionepo, ndipo munthu sunkalowa mumsika osaonetsa khadi la chipani kwa anyamata a malaya ofiira. Dziko lake ndi lotentha, la milambe ndi fumbi. Madzi ozizira tinkangowamva m'nkhani za abambo.

Abambowo anagwira ntchito zaka zambiri pamwamba pa phiri la Zomba, kuyang'anira timitsinje momwe azungu anaikamo nsomba zawo zamawangamawanga zotchedwa tirauti. Ankaperekeza alendo, kuwasonyeza maiwe abwino, kuwamangira timbedza ta nthenga, ndiponso kuwongola amene ankaponya chingwe molakwika. Ankati mabwana a matayi ankaima pamaso pawo ngati ana a sitandade wani. Tsiku lina anaterereka pa mwala wa ndere nagwera phewa lamanja, ndipo kuyambira pamenepo mkono sunkakwera kupitirira pachifuwa. Zala zinkagwira ntchito bwinobwino, koma mkono unakana. Ntchito inathera pomwepo. Mzungu wina wokalamba, amene ankabwerera kwawo, anawasiyira ndodo ija ndi chitini, ndipo ndi zimene anatsika nazo pa siteshoni ya Nkaya, pamodzi ndi bulangete limodzi.

Vuto linali loti kumudzi palibe anawakhulupirira. Ku Nkaya aliyense ankadziwa kuwedza kwake. Umadula nsungwi, kumanga twaini, kuveka nyongolotsi ku mbedza, kenako kumangirira kamwala kapena nati yachitsulo yotola m'mbali mwa njanji kuti chingwe chipite patali ndi kumira. Ukatero umakhala pansi n'kumadikira. Tsono munthu azibwera kudzati nsomba imadya nthenga? Ndiye kuti nkhuku zikanatha kale m'madzimo. Amene ankaseka kwambiri anali Che Saidi, mnansi wathu, Msilamu wa kofia yoyera ndi mimba yaikulu, katswiri wa miono ndi mbedza za milamba, amene ankagulitsa nsomba zowamba pa mawindo a sitima. Anali mnzawo wa bawo wa abambo, ndipo kuseka kwake kunalibe njiru, koma kunkamveka mpaka ku siteshoni.

Tsiku lina abambo anatopa nako kusekedwa, natenga ndodo kuti aonetse anthu ndi mkono wamanzere. Ndinalipo. Chingwe chinalira m'mwamba ngati chikwapu cha ngolo, chinamenya madzi katatu, ndipo kachinayi kambedza kanakakodwa kukhutu kwawo. Amene anakazula ndi Che Saidi yemweyo, misozi ya chiseko ili m'masaya. Kuyambira tsikulo abambo anakhala a Mkwapulamadzi. Dzinalo linafika mpaka kusukulu, ndipo ine ndinang'ambitsa yunifomu kawiri pomenyana ndi anyamata amene ankandiyimbira. Chinkandipweteka si dzinalo ayi, koma kuona abambo, munthu wokonda kukamba nkhani, atasiya kutchula za kuphiri. Zinali ngati zaka zonse zija anangozilota.

Kenako kunabwera nkhani ya mbuzi. Che Saidi anali atakhudzako zingwe za m'chitini zija, naona kuti n'zolimba, zosalala, zosaola. Anati zingagwire ntchito pa mbedza zake za milamba, ndipo analonjeza mbuzi yaikazi ya bere ngati abambo angamupatse chitini chonse. Amayi atamva sanagone tulo. Sindingawanene, chifukwa m'nyumbamo munali munthu wa mkono umodzi ndi mwana wasukulu, ndipo mbuzi imaswana pomwe chitini chimangochita dzimbiri. Anakangana sabata yathunthu, motsitsa mawu monga ankachitira makolo a kale, mpaka abambo anapempha nthawi.

“Tidikire ngumbi zituluke,” anatero. “Ngumbi zikatuluka nsomba osagwidwa ndi nthenga, mukatenge mbuzi yanuyo.”

“Agwire ndani, poti mkono ndi umenewo?” anafunsa amayi.

Abambo anayang'ana uku ndi uku, ndipo panalibe wina koma ine, nditakhala pamphasa ndikusenda nandolo.

“Fele, iwe ukhala mkono wanga.”

Amayi anaomba m'manja kamodzi, kuomba kwa munthu amene zamuthera. Mtsikana wamkulu kale, wofunika aziphunzira kusinja ndi kupeta, azikakwapula madzi pamaso pa anthu? Koma ine ndinali nditaimirira kale, nandolo atamwazika.

Sukulu yathu inayamba mwezi wa Seputembala, ndipo sinayambire kumtsinje. Inayambira kuseri kwa nyumba, pafumbi, nkhuku zikuonerera. Kunsonga kwa chingwe abambo anamangako kansanza kofiira m'malo mwa mbedza, poti khutu limodzi lobooka linali lokwanira pabanja. Patsogolo anaika mbale yakale ya enamelo kuti ndiye nsomba. Phunziro loyamba linandizungulitsa mutu. Anati kuwedza kwathu kwa nsungwi, chimene chimapita kutsogolo ndi kamwala, chingwe chimangotsatira. Koma kuwedza kwa nthenga, nthenga ilibe kulemera kulikonse, ndiye cholemera ndi chingwe chenichenicho. Umaponya chingwe, nthenga imangokwera ulele. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, koma mumtima ndinkati abambowa mwina anagweradi mutu osati phewa lokha.

Kuponya kwake kunali kwa mbali ziwiri. Umanyamula chingwe n'kuchiponya kumbuyo, n'kuimitsa ndodo mwadzidzidzi. Umadikira kuti chingwe chitambasuke chonse kumbuyoko, kenako n'kuchibweza kutsogolo, n'kuimitsanso. Abambo analibe wotchi yosonyezera poimitsira, ndiye anagwiritsa ntchito zimene zinalipo. Kumbuyo, nsonga ya ndodo iime italoza pamwamba pa mlambe. Kutsogolo, iime italoza pamwamba pa nkhokwe. Za mphamvu ankati ndiiwaleko, ndichite monga ndimachitira powaza madzi pabwalo ndisanasese, kuyamba pang'onopang'ono, kuthera mwachangu.

Ine ndinali ndi matenda awiri. Oyamba anali chigongono. Ndikati ndiponye, mkono wonse unkauluka ngati ndikugenda mango, ndipo chingwe chinkagwa pamutu panga chili mulu. Abambo anati kuphiri ankapanitsa munthu buku m'khwapa kuti chigongono chisachoke m'nthiti. Anatenga buku la nyimbo la amayi, koma litagwa pafumbi kachiwiri, amayi analilanda nanena kuti Mulungu sanalembetse nyimbo zake kuti ziziwedzera matemba. Abambo anaganiza pang'ono, kenako anapisa dzanja m'thumba la malaya natulutsa khadi lawo la chipani.

Amene simunakule masiku amenewo simungamvetse. Khadi limenelo linkasungidwa kuposa chikalata cha ubatizo. Kuligwetsa pafumbi munthu wina akuona inali nkhani yoti ukaifotokoze kwa anthu osaseka. Abambo analipanitsa pakati pa chigongono changa ndi nthiti, nanong'ona kuti, “Ukagwetsa limeneli, tonse tikagona kunja.” Amayi anayang'ana kumsewu, naloza abambo chala. Koma ndikuuzeni, chigongono changa chinachira tsiku lomwelo. Chinamatirira m'nthiti ngati anachisokerera.

Matenda achiwiri anali changu, ndipo amenewa analibe mankhwala. Ndinkabweza chingwe kutsogolo chisanathe ulendo wake wa kumbuyo, ndipo chinkalira kuti thwa! kansanza n'kuduka. Abambo ankagwira mutu. Ankati sitima ya ku Nayuchi sinyamuka pa Nkaya ya ku Limbe isanafike, ngakhale okwera atukwane bwanji. “Dikira, Fele. Chingwe chikafika chikuuza chokha, chikoka pang'ono.” Ine ndinkadikira, koma sindinkamva chilichonse chikukoka. Ndikadikira kwambiri chingwe chinkagwera m'chigwada cha amayi. Ndikafulumira, thwa! Ana a m'mudzi ankasuzumira pampanda, ndipo dzina langa linapezeka msanga: Kamkwapulafumbi.

Okutobala anatha. Dzuwa linkawotcha mpaka njanji kumaoneka ngati ikuvina. Mphepo ya masana inkabweza chingwe changa kumaso, ndipo mbale ija inakhala ili phee, kansanza kakugwa mapazi asanu kasanaifike. Mitambo inayamba kusonkhana cha ku mapiri a Ntcheu. Che Saidi akamadutsa ndi mbuzi yake ankaima dala pampanda n'kumaiuza kuti iloweze njira, kwawo kwatsopano ndi kuno. Amayi anali atayamba kale kumanga khola, mwakachetechete, mtengo umodzi patsiku.

Ndiye kunagwa maliro ku Ulongwe, kwa achibale a amayi, ndipo makolo anapita masiku awiri. Ndinatsala ndekha ndi nzeru zanga. Ndinaganiza monga mwana aliyense wa ku Nkaya akanaganizira. Chingwe chikukana kupita patali? Ndiye kuti chikusowa cholemera kunsonga. Abambo ndi ophunzira za kuphiri, koma za kuno anaziiwala. Ndinapita m'mbali mwa njanji, ndinatola nati yonenepa bwino ya dzimbiri, ndinamasula kansanza n'kuimangirira m'malo mwake. Ndinkaona kale nkhope ya abambo pobwera, akundipeza ndikugogoda mbale ija kuchokera patali.

Kuponya koyamba nati inapitirira mbale, inapitirira nkhokwe, n'kukagwa pafupi ndi khola la amayi. Ndinavina ndekha pabwalo. Kwachiwiri inadutsa pafupi ndi khutu langa ikulira ngati njuchi, ndipo munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Kwachitatu ndinaika mphamvu zonse. Nati inabwera kuchokera kumbuyo n'kukumana ndi nsonga ya ndodo. Sipanamveke phokoso lalikulu. Kanali kaphokoso kakang'ono, konga kuthyola ndodo ya machesi, ndipo nditayang'ana m'mwamba ndinaona kachidutswa kotalika ngati chikhatho ndi theka kakulendewera pachingwe.

Masiku awiriwo sindinadye bwino. Ndinaganiza zonamizira nkhuku, mphepo, ngakhale mbuzi ya Che Saidi. Ndinaganiza zokwera sitima ya ku Nayuchi osabwereranso. Koma atafika abambo, fumbi la ku Ulongwe lili m'mapazi, ndinangogwada pakhonde n'kuika patsogolo pawo zinthu ziwiri, kachidutswa ndi nati. Ndinalira ndisanafunsidwe. Ndinkadziwa kuti ndathyola chinthu chokhacho chimene chinkachitira umboni kuti abambo anakhalapo munthu wina wake.

Anatenga kachidutswako, nakazunguza m'zala nthawi yaitali. Kenako anatola nati, naiyeza m'dzanja.

“Inapita patali?”

“Eya, abambo. Mpaka pakhola.”

“Zimatero,” anatero. “Bwana wina wa ku boma anachitaponso zomwezi ndi chipolopolo. Iye anathyola pakati penipeni.”

Sanandimenye. Amayi ndi amene anandikoka khutu m'malo mwawo, nanena kuti tsopano nkhani yatha, mawa akatenge mbuzi Che Saidi asanasinthe maganizo. Abambo anawakumbutsa kuti ngumbi zinali zisanatuluke. M'mawa mwake anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi lumo, ulusi wa amayi wosokera ndi kabotolo ka vanishi kopempha kwa kalipentala. Anachotsa kamphete ka kunsonga pa kachidutswa kaja, nakamangirira pomwe panathyoka, kukulunga ulusi mosadumphitsa, kumapeto atagwira ndi mano. Vanishi atauma anandipatsa ndodo kuti ndiigwedeze iwo akuyang'ana. Anaigwira ndi dzanja lamanzere, naipinda pang'ono.

“Yasintha,” anatero. “Yauma msana. Chingwe chakale sichingaipindenso. Tenga chitini.”

Limenelo ndi tsiku limene ndinadziwa chifukwa chake zingwe zinali zitatu. Ine ndinkayesa zinazo n'zosinthira china chikatha. Abambo anaziyala pamphasa. Choyamba, chimene ndinkaphunzirira, chinali chopyapyala, chotuwa, chopepuka, choyenera ndodo yofewa ndi madzi oyera a kuphiri, komwe nsomba imathawa ngakhale tsamba likagwa. Chachiwiri chinali chachikasu, chonenepa, cholemerera kutsogolo, choyandama pamadzi. Anati anachisiya mlendo wina, ndipo zaka zonsezo chinali cholemera kwambiri pa ndodo imeneyi. Chachitatu chinali chofiirira, chomira, cha maiwe akuya masiku amene nsomba zakana kukwera pamwamba. Anati chingwe sasankha ndi maso ngati chitenje. Choyamba umafunsa ndodo kuti ikufuna kulemera kotani kuti ipindike. Kenako umafunsa mphepo. Pomaliza umafunsa nsomba kuti lero ikudyera pamwamba kapena pansi.

Tinakulunga chachikasu pa kagudumu. Ndinapana khadi, ndinanyamula chingwe, ndinaimitsa pa mlambe. Ndipo ndinachimva. Kumbuyo kwanga kunakoka pang'ono, monga amakokera mwana chitenje cha mayi ake pamsika. Ndicho chimene abambo ankanena miyezi iwiri yonse. Chingwe chopyapyala chija chinkalankhula monong'ona, mawu oti dzanja lozolowera lokha ndi limene lingamve, koma ichi chinkalankhula mokweza ngati Che Saidi. Ndinachibweza kutsogolo, ndinaimitsa pa nkhokwe, ndipo chinatambasuka m'mwamba, chinaboola mphepo ija, kansanza n'kutera pambali pa mbale. Kachitatu kanagwera m'kati. Abambo anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndikanafunsa akanandithyolera okha ndodoyo mu Seputembala.

Panatsala kupanga ngumbi zabodza. Zala za abambo pa ntchito imeneyi zinali zodabwitsa. Thupi anapanga ndi ulusi wofiirira wosolola kubulangete lija anabwera nalo, mapiko ndi nthenga za njiwa, ndipo pakhosi anazungulizapo nthenga ya tambala wa amayi kuti kaziyandama. Tambalayo anayenda mwezi wathunthu khosi lili mbee, ndipo amayi ankati wagwidwa chitopa mpaka anadzaona nthenga zake m'chitini. Timbedza tabwino tinali titatsala tiwiri tokha, ndiye ngumbi zathu zinali ziwiri.

Mvula yeniyeni inagwa Loweruka lina masana, ya ola limodzi, yongonyowetsa nthaka osadetsa mtsinje. Fungo la dothi linadzaza mudzi. Dzuwa litapendeka, ngumbi zinayamba kutuluka m'chulu cha kuseri kwa tchalitchi, poyamba imodziimodzi, kenako ngati utsi. Anzanga anathamanga ndi mabeseni. Nanenso ndinagwira beseni mwachizolowezi, koma abambo anali ataima kale pakhomo, chipewa chili kumutu.

“Siya beseni. Tenga ndodo.”

Mbiri inatitsogolera. Pofika pa dziwe la pansi pa mkuyu, kumbuyo kwathu kunali chinamtindi cha anthu, ena ali ndi ngumbi m'kamwa. Che Saidi anabwera akukoka mbuzi ija, naimangirira pa muzu wa mkuyu kuti, mwa mawu ake, isachedwe kusamuka. Amayi anaima patali pang'ono, manja ali m'chiuno, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ankapempherera mbali iti. Ine ndinalumikiza ndodo nditavala diresi langa lalitali, la kupitirira maondo monga linkafunira lamulo. Ndinanong'oneza abambo kuti mwina tiike chingwe chomira, poti aliyense amadziwa kuti nsomba zimakhala pansi. Iwo anangoloza ndi mlomo. Ngumbi zinkagwera pamadzi zikuphiriphitha, ndipo pena ndi pena pankaoneka kamlomo, n'kutsala timizere tozungulira. Nsomba zinali zitayankha kale funso lachitatu.

Ndinayang'ana kumbuyo kuti kulibe nthambi, ndinatulutsa chingwe, ndipo ndinaiwala zonse. Maso a anthu analowa m'mkono mwanga. Chigongono chinauluka, changu chinabwerera, ndipo chingwe chinalira thwa! momveka mpaka tsidya. Nditakoka, kunsonga kunalibe kanthu. Ngumbi imodzi inali itapita. Chiseko chinaphulika. Wina anakuwa kuti mwana wa Mkwapulamadzi wabadwa ndi chikwapu chake. Ngakhale mbuzi inalira. Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Abambo anamanga ngumbi yachiwiri, yomaliza, pang'onopang'ono ngati palibe akuwadikira. Kenako, pamaso pa mudzi wonse, anapisa dzanja m'thumba la malaya, natulutsa khadi la chipani, nalipanitsa m'chigongono changa. Ndinali nditaima pamwala, madzi akuyenda pansi panga.

Chiseko chinazima ngati wathira madzi pamoto. Azimayi ena anayang'ana kumbali kuti mawa asadzakhale mboni. Che Saidi anayandikira, mawu atatsika.

“Walahi, achimwene, limenelo lokha iyayi. Likagwera m'madzimo tikanena chiyani?”

“Siligwa,” anatero abambo. Kenako kwa ine, “Mlambe, dikira, nkhokwe.”

M'bata limenelo ndinkamva mapiko a ngumbi. Panalibe mlambe kapena nkhokwe, koma mkono unkadziwa pomwe zili. Ndinanyamula, ndinaimitsa, ndinadikira. Chingwe chinakoka. Ndinachibweza, ndipo chinatambasuka pamwamba pa dziwe, chachikasu, chowongoka, n'kugona pamadzi mopanda phokoso. Ngumbi yathu inatera pakati pa zinzake zenizeni. Pambali panga ndinaona dzanja lamanja la abambo likuyenda pang'ono cha m'chiuno, kumbuyo, kuima, kutsogolo, kuponya nane limodzi pamene linkathera.

Inayandama. Inayandamabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako madzi anatupa, kamlomo kanatuluka, ndipo ngumbi inasowa.

“Kweza ndodo!”

Ndinakweza, ndipo ndodo yothyoka ija inapindika n'kuyamba kunjenjemera ngati yamoyo. Kagudumu kanalira. Anthu amene ankaseka aja anayamba kundilangiza onse nthawi imodzi, wina kuti koka, wina kuti siya, koma ine ndinkamva abambo okha, akuti ndiilole ithamange, nditenge chingwe ndi dzanja lamanzere pang'onopang'ono. Itatopa ndinaikokera pamchenga. Inali nsomba ya makumba, yonenepa, yoposa chikhatho cha abambo, nthenga ya njiwa ili pakona pa mlomo wake. Chinthu choyamba chimene abambo anachita ndi kusolola khadi m'khwapa mwanga, losakhudza madzi koma lonyowa thukuta, n'kulibwezera m'thumba. Mudzi wonse unapuma.

Che Saidi anagwada, natsegula kamwa la nsombayo ndi chala kufuna nyongolotsi yobisika. Sanaipeze. Anavula kofia, nakanda mutu, naivalanso.

“Wamisala anaona nkhondo,” anatero. “Bambo a Felesita, munkanena zoona.”

Sanati a Mkwapulamadzi. Abambo anangokonza chipewa, koma ndinaona milomo yawo ikulimbana ndi kumwetulira. Tinagwira zina ziwiri ngumbi yathu isanasosoke nthenga. Pobwerera abambo anazitunga pa udzu, nazinyamula ndi dzanja lamanzere, ndipo m'malo modzera njira yachidule tinazungulira ku siteshoni, komwe tinalibe chochita chilichonse. Njira yonse ankakamba za kuphiri, za mathithi, za nkhungu, za bwana wa chipolopolo uja, ndipo anthu ankamvetsera.

Khola la amayi silinakhale lopanda kanthu. Abambo anati chingwe chopyapyala chija chinalibenso ndodo yake, ndiye anachipereka kwa Che Saidi, ndipo mbuzi itaswa iye anabweretsa kamwana kamodzi. Sanawedzere milamba chingwecho. Ankamangira dengu la nsomba panjinga, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti n'chochokera ku Ulaya. Zaka zambiri pambuyo pake, pamaliro a abambo, anali nkhalamba yoyenda ndi ndodo, koma anaimirira nafotokoza nkhani ya khadi ija, anthu n'kuseka misozi ili m'maso.

Lero ndimakhala ku Balaka, ndipo ndikapita kumudzi dziwe la pansi pa mkuyu kulibe. Mkuyu unapita ku makala, dziwe linadzaza mchenga, ndipo ngumbi zikatuluka zimagwera pouma. Ndodo ndi chitini zili kwa ine. Chingwe chachikasu chinachita ming'alu, koma pabwalo chimaulukabe. Tchuthi chapitachi mdzukulu wanga wamkazi anachipeza nandikakamiza kuti ndimuphunzitse. Ali ndi matenda anga onse awiri. Ndinafuna chomupanitsa m'chigongono, ndipo ndinatulutsa chiphaso changa cha unzika, n'kumuuza ndi nkhope yoopsa kuti asayerekeze kuchigwetsa. Anachigwetsa kasanu, akuseka, ndipo palibe anayang'ana kumsewu. Ndinasangalala kuti akukula m'dziko lotere, ngakhale chigongono chake chichedwa kuchira. Kachisanu ndi chimodzi anaima chilili, ndodo ili m'mwamba, maso ali tong'o, nati, “Agogo, chakoka!” Nditayang'ana pansi ndinapeza dzanja langa lamanja likuyenda lokha cha m'chiuno, kumbuyo, kuima, kutsogolo.